Lamulungu Lililonse Achemwali Ankaflasha

Ndinaganiza zopita ku Joni ndili m'munda wa mpunga ku Likangala, ndikuingitsa mbalame, mwana ali kumsana. Satifiketi yanga ya ntchito za muofesi inali itayamba kuchita nkhungu m'sutikesi. Bambo ake a Takondwa anali atawoloka nyanja kukapha nsomba cha ku Mozambique, osabwerako. Ndinadzifunsa kuti kodi ndinapita ku koleji kuti ndizidzakuwa ndi mpheta?

Takondwa ndinamusiya asanakwanitse zaka zitatu, m'manja mwa achemwali anga a Esnati.

"Pita," anatero. "Koma mwana si mbuzi yoti ungomangirira pamtengo. Lamulungu lililonse azimva mawu ako."

Kwathu ku Mwambo netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa tchalitchi. Tinapangana kuti akaweruka ku mapemphero azikwera pachulupo ndi mwana, aflashe, ine ndiimbe. Ndi mmene zimakhalira: wakumudzi amangoliza foni kamodzi n'kudula, woimba ndi uyo ali kunja.

Ku Joni satifiketi sinandithandize. Ndinapeza ntchito ya m'nyumba kwa dona wina, ndipo ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa galaja. Ndalama ndinkatumiza, pena zochepa, pena mochedwa, koma ndinkatumiza. Chimene chinkandipha ndi kusowa wocheza naye. Sabata yonse mawu opita kwa ine anali oti pukuta apa, usagwire icho. Tsiku lina adona anandipatsa laputopu yakale ya mwana wawo, ati ndiziphunzirirapo. Mmenemo ndi mmene ndinapeza gemu ija.

Sinali gemu yothamangitsana magalimoto ayi. Inali nkhani. Umakhala mayi wina m'tawuni imene yamira ndi madzi osefukira, mvula osakata, magetsi kulibe, uli ndi tochi basi, ukufunafuna mwana wako wamkazi. Ukakumana ndi munthu, gemuyo imakufunsa kuti umuyankha chiyani, umukhulupirira kapena ayi, umugawira chakudya kapena ubisa. Ndinene zoona, anthu amene anaipanga ankaidziwa ntchito yawo. Madzi ankamveka m'mahedifoni ngati mmene Chilwa amalirira m'mabango akadzaza. Anthu ake sanali abwino okhaokha kapena oipa okhaokha. Bambo amene anandibera bwato ndi yemweyo anadzandivuula ndikumira. Ndinalira misozi imene ndinalephera kulira pa depoti ya basi. Ndipo mumzinda wonse uja, gemuyo yokha ndi imene inkandifunsa kuti, iweyo ukufuna kutani?

Nthawi yanga yopuma inali imodzi: Lamulungu masana.

Poyamba foni ikalira ndinkasiya zonse n'kuimba. Koma gemuyo inali ndi nkhanza yake. Sinkalola kusunga pamene wafika mpaka utapeza nyumba ina yoyaka nyali, ndipo nyumbazo zinali motalikirana. Ukazimitsa pakati, ubwerera kumene unayambira. Pena unkatha ola lathunthu ukupapasa mumdima kufuna kiyi mmodzi, nkhani itaima, maso akuwawa. Ndiye foni inkati ikalira ndinkati, ndingofika panyali. Ndikafika panyali, dzuwa lapendeka, foni ya achemwali sikupezekanso. Ndinkalemba uthenga woti pepani, adona anandigwiritsa ntchito. Sabata yotsatira chimodzimodzi. Kenako ndinayamba kuopa kuimba kumene, chifukwa ndikaimba mwana ankangopumira m'foni, osadziwa chonena, ine n'kumaganiza kuti wandiiwala. Mwana wa m'gemu uja ankandiitana momveka bwino, ndipo ankadikira.

Nditaimaliza gemuyo, mwana wa mmenemoyo ndinamupeza atamwalira kale. Ndinati mwina ndinalakwitsa posankha. Ndinayambiranso, n'kumayankha mosiyana paliponse, miyezi n'kumapita. Mapeto ake anali omwewo. Mafunso onse aja anali ongondisangalatsa, nkhani anali atailemba kale. Ndinatseka laputopu ndili ndi mkwiyo ngati munthu wonyengedwa ndi chibwenzi.

Ndinabwerera kumudzi patatha zaka zingapo, adona atasamukira dziko lina, mapepala anga okhalira ku Joni atatha kalekale. Pa kabaza kuchokera ku Zomba ndinkangoyeserera mumtima mmene ndipiririre mwana akandithawa.

Sanandithawe. Anali wamtali, mano akutsogolo ataguluka, ndipo anandigwira dzanja ngati tinasiyana dzulo. Mawa lake masana tikuyanika mpunga pamkeka anandifunsa.

"Amayi, Bingo mwamusiya ndi ndani?"

"Ndani?"

"Galu wanu uja! Wodya buledi wa majarini."

Achemwali anatsokomola. "Takondwa, tapita ukaitane anzako adzaone amayi ako." Mwana atathamanga, anapitiriza kusalaza mpunga ndi phazi, osandiyang'ana.

"Ndinkaflasha, ndidikire, zii. Mwana ali pachulu wavala diresi la kutchalitchi, akundiyang'ana pakamwa. Ndiye ndikanatani? Ndinkaika foni kukhutu n'kumayankhula ndekha. Ndimvekere, amayi ako akunong'ona kuti adona asawamve, kuwa moni. Iye n'kumakuwa, moni amayi! Akafunsa kuti akuti chiyani, ndimayenera kupeza chonena. Galuyo anabadwa choncho."

Ndinakhala pansi pafumbi.

"Tandiuza, Linesi. Anali mwamuna?"

"Ayi, achemwali."

"Mowa? Matenda?"

"Gemu. Ya pakompyuta."

Anasiya kusalaza. "Gemu? Ngati zija amadina anyamata pavidiyo shoo?"

"Inali ya nkhani. Mayi wina ankafuna mwana wake."

"Ankafuna mwana wake." Anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe. "Bola akanakhala mwamuna, mng'ono wanga. Ndikanamvetsa, inenso ndine munthu."

Ndinati ndimuuza mwana zoona zonse, ndipepese. Achemwali anakana.

"Ufuna upepukidwe iweyo, katunduyo umusenzetse mwana? Ayi. Udzamuuza akadzakula, ndipo ukadzamuuza ndidzakhale ndilipo. Pakali pano mvera. Galuyo ndi wakuda, khutu lina linadulidwa ndi geti. Amaopa njinga. Anakupulumutsa kwa akuba pa Khirisimasi. Usasokoneze, mwana uyu saiwala kanthu."

Ndili ku Joni ndinkaganiza kuti kumudzi nthawi yaima, kuti ndikadzabwera ndidzayambira pamene ndinasiyira. Koma kunali munthu wotopa ndi kupalira ndi kusenza mpunga, amene sabata ndi sabata ankandilukira umayi ndi pakamwa pake kuti malo anga asatsekeke. Mpaka lero ndimaphunzirabe moyo wanga wa ku Joni kwa achemwali. Akuti ndinakwerapo sitima ya pansi pa nthaka. Ndinkaimba kwaya.

Takondwa anabwerera tsiku limenelo ndi gulu la anzake, onse akufuna kumva za galu wodya majarini. Ndinawafotokozera za khutu lija, za akuba aja, achemwali akumvetsera chapatali ngati aphunzitsi pa mayeso.

"Ndiye mupitanso kukamutenga?" anafunsa Takondwa, atandigwira chitenje.

"Ayi, mwanangu. Ndamusiya kwa anthu abwino. Ine sindipitanso."

Anaganiza kaye, lilime lili pampata wa mano.

"Muzimuimbira foni," anatero. "Angamaganize kuti mwamutaya."