Atsibweni a pa Geti la Hositelo

Chaka chimene anatitsegulira hositelo ya atsikana ndinali Fomu 2. Tisanalowemo tinkachita lendi tizipinda ta kuseri kwa magolosale, kufupi ndi msewu wa kuboda, kumene madalaivala a mathiraki ankatiimbira mahutala tikamapita kumjigo. Ndiye tsiku lolowa tinkangogwiragwira makoma onunkha penti, kuyatsa ndi kuzimitsa magetsi a sola ngati ana. Malo onse anazunguliridwa ndi mpanda wa waya, kutsogolo geti lachitsulo.

Pafupi ndi ofesi ya ahedi anasiya kachipinda ka uphungu. Munali mipando iwiri ndi katani yokhuthala basi. Ntchitoyi anaipereka kwa amadamu otiphunzitsa Bayoloje, ndipo anatiuza kuti aliyense amene china chikumusowetsa mtendere azipita akacheze nawo. Ambirife tinkaopa kuonedwa tikulowamo, poti anzathu akanati tili ndi pakati.

Woyamba kulowamo anali mnzanga amene ankagona bedi la pamwamba pa langa. Kwawo kunali kwa Kanduku, kumapiri, ndipo makolo ake anabwera pothawa nkhondo ya ku Mozambiki iye asanabadwe. Anali katswiri pa masamu, wosakonda zolankhula. Anatuluka m'kachipindako maso ali psuu.

Lachisanu la sabata yomweyo pa geti panaima bambo wina wamtali, wovala jekete lachikopa dzuwa likuswa mtengo, atatsamira njinga. M'manja anali ndi jumbo ya manachesi. Mnzanga atamuona pawindo anakhala pansi, pasimenti. Anandinong'oneza kuti amenewo ndi atsibweni ake, ndipo anali atamulonjeza kale kwa mwamuna wina wa geni ya mafuta ku Zobuwe, kutsidya kwa malire.

Bamboyo sanachite phokoso. Anapereka moni mwaulemu kwa alonda, nati mayi a mwanayo akudwala, akumufuna. Amadamu anapita okha kugeti, ife tikusuzumira. Anamuyankha kuti mwana satuluka pakati pa teremu mpaka a sukulu atakaona okha kumudziko. Iye anamwetulira, napachika jumbo ija pa waya.

"Palibe vuto, madamu. Sukulu imatsekera."

Anabweranso Lachisanu lotsatira, ndi linzakenso. Tsopano sankapempha kanthu. Ankangoima kutsidya kwa msewu, pansi pa mtengo wa mango, mpaka belu lowerukira, n'kukwera njinga yake. Manachesi aja palibe anawakhudza, anafotera pawaya pomwepo. Mnzanga anasiya kupita kochapira chifukwa kunali kufupi ndi mpanda. Zovala zake ndinkamuchapira ine.

Amadamu anayesetsa. Anatuma amayi a gulu loona za atsikana kumudzi kuja. Iwo anabwerako ndi mawu oti mayi a mnzanga akudwaladi, koma za ukwati aliyense anati sakuzidziwa. Choncho amadamu anakonza zoti pa holide mnzanga akakhale kunyumba kwawo.

Titatsala pang'ono kulemba mayeso, akuluampingo ena a kumudzi kwawo anabwera ndi uthenga woti mayi aja ali kayakaya. Mnzanga analongedza kachikwama kakang'ono, mabuku onse anawasiya. Amadamu anamugwira dzanja pa geti, kumupempha kuti adikire mawa lake apitire limodzi.

"Ndikachedwa, amayi ndidzawaonera kuti?" anatero iye.

Anamulola, namuuza kuti akapanda kubwera Lolemba amulondola. Lolemba linadutsa. Tinamva kuti mayi aja anamwalira ndipo mwambo wa maliro unatha. Amadamu anakwera kabaza ndi mayi mmodzi wa gulu lija. Anakapeza nyumba yotseka, khola la mbuzi lili mbee, oyandikana nawo akungoloza kumadzulo, kumalire, ndi milomo. Nkhani inafika mpaka kuboma, koma mnzanga sanapezeke, ndipo mpaka lero sindinamuonenso.

Tsiku limene anapita kumudzi lija amadamu anabwerako mapazi ali mbuu, nalowa m'kalasi kutiphunzitsa monga mwa masiku onse. Teremu yotsatira anasiya kudikira kuti tipite tokha. Anayamba kutiitana mmodzimmodzi. Itafika nthawi yanga anatseka chitseko, nandifunsa za kwathu. Ndinawauza zonse, ngakhale za alamu anga amene ankandisowetsa mtendere, zimene ndinali ndisanauzepo munthu.