Remilekun ndi Chilembo Choboola Mapepala

Remilekun Sawyerr anataipa mayeso pasukulu ya anamwino ku Freetown kwa zaka makumi awiri ndi zisanu. Anali asanakwatiwepo, asanayambanepo ndi munthu, koma mdani anali naye: chilembo cha o. Makina ake otaipira anali akalekale, o wake wakuthwa ngati lumo. Akangomenya, pepala losindikizira linkabooka, inki n'kudzaza pabowopo. Ndiye mawu a madokotala nawonso! Thermometer, cardiology, lililonse lili ndi o pamchombo.

"Kodi ameneyu anamuitana ndani?" ankakalipa akumata mabowo ndi penti wa zikhadabo.

Tsiku lina zitamukwana, anakwera chitunda ndi pepala lobookabooka kupita kwa a Theophilus Pratt, bambo wofedwa mkazi, amene ankaphunzitsa Chigiriki mpaka ofuna kuchiphunzira anatha. Anawapeza akusenda chinangwa pakhonde.

"Aphunzitsi, inu munawerenga. O ameneyu amafunanji pakati pa mawu a eni ake?"

Mpeni unagwa pansi. Zaka khumi ndi zinayi zinali zitadutsa anthu akungowafunsa nthawi basi.

"Mayi, khalani pansi! Ayi, dikirani! Ayi, khalani!" Anathamangira m'nyumba n'kutuluka ndi mabuku atatu, patapata imodzi itatsala pakhomo. "Ndi Mgiriki ameneyu! Mayina ambiri a Chigiriki tsinde lake limathera ndi o, ndiye akalumikiza mawu awiri, iye ankatsala pakati. Anthu atazolowera anayamba kumuika ngakhale pomwe sanabadwire, Angelezi nawo n'kutengera. Taonani speedometer. Speed ndi mwana wa ku Mangalande, Chigiriki sachidziwa n'komwe, koma naye wabereka o kumsana!"

Remilekun anaseka mpaka duku linamasuka. "Ndiye ndi nkhoswe, eti? Ntchito kukwatitsa anzake, iye ali mbeta!"

"Nkhoswe! Ha! Mayi, bwerezani, ndilembe!"

Loweruka lotsatira anabweranso ndi mawu ena asanu komanso poto wa chigwada chophikira mafuta ofiira ndi nsomba zouma. Loweruka linalo anabwera wopanda liwu ndi limodzi lomwe, koma anapeza a Pratt atameta ndevu, tayi ali m'khosi, akunamizira kusesa pabwalo.

Anakwatirana mvula isanagwe, Remilekun ali ndi zaka makumi asanu ndi chimodzi. Paukwatipo anamwino anavina gule wa gumbe mpaka mkulu wa sukulu anathyola chidendene cha nsapato, n'kupitiriza kuvina chotsimphina. Awiriwo anakhala limodzi zaka khumi ndi ziwiri, m'mawa uliwonse akukangana kuti waiwala kutsegulira nkhuku ndani.