Uthenga wa Zipora

Mayi Dyna anabwera ku Lilongwe kuchokera ku Phalombe ali mtsikana. Anagwira ntchito yochapa ndi kusita kwa mzungu wina ku Area 10 zaka khumi ndi zinayi, ndipo Chingerezi chawo chochepacho anachitolera komweko. Liwu limene ankalidziwa bwino linali "terrible", chifukwa dona ankalinena malaya akapsa ndi simbi kapena mbale ikasweka.

Pano amakhala okha ku Mgona, m'chipinda chimodzi, ndipo amagulitsa tomato pakhomo. Amuna awo anamwalira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Zipora, ali ku Joni, chaka chachisanu tsopano.

Lachiwiri lina pafoni panalowa uthenga. Zipora analemba Chichewa monga mwa masiku onse, koma kumapeto anawonjezera kuti: "I miss you terribly, Amama."

Mayi Dyna anawerenga katatu. Ndamulakwira chiyani mwanayu? Anakumbukira kuti mwezi wathawo anamukalipira chifukwa chokhala ndi mwamuna popanda chinkhoswe. Masiku awiri sanayankhe.

Lachinayi anayenda wapansi mpaka ku Nsungwi, kwa a Anock, mphunzitsi wopuma amene amapemphera nawo mpingo umodzi.

"Aphunzitsi, tandiwerengereni apa. Musandibisire kanthu."

A Anock anavala magalasi, nawerenga, kenako anatulutsa dikishonale yothothoka chikuto.

"Liwuli linachokera ku Chilatini, mayi. Gwero lake ndi kuopseza, chinthu chonjenjemeretsa munthu. Koma Angerezi analinena mpaka linayamba kungotanthauza kuti kwambiri. Si ifenso timati mwana uyu ndi wokongola koopsa? Pamenepo alipo amene akuopa?"

"Ndiye iyeyu akuti chiyani?"

"Akuti wakusowani koopsa."

Mayi Dyna anapukuta galasi la foni ndi nsonga ya chitenje.

"Sanandikwiyire?"

"Ayi ndithu. Ndikulembereni yankho?"

"Zikomo, ndilemba ndekha."

Pobwerera anaima pamthunzi wa shopu ina, nalemba ndi chala chimodzi: "Inenso mwanawe." Zipora sanauone uthengawo, mwina anali pantchito.

Mayi Dyna atafika kunyumba anafuna woti amuuze. Anagogoda kwa a neba, koma pakhomo panali loko. Anakhala pakhonde, foni ili pamiyendo, mpaka panafika mayi wina kudzafunsa ngati tomato wakupsa alipo.