Mkombero wa pa Jiko

Kuno ku Roysambu, m'dziko la eni, m'kachipinda kathu ka pamwamba, chimene ndinayamba kumva ndi fungo la nsalu yopsa. Potembenuka ndinaona Tadala, mwana wanga wokwawa, atafika pa jiko, mbaula ya kuno, diresi likufuka utsi. Ndinamutsomphola. Sanapse ayi. Koma malo ndi ochepa, ana ndi awiri, maso anga ndi omwewa.

Nditakhala pansi, ndinakumbukira tsiku lina ndili Sitandade 7 kwathu ku Ntcheu. Kampasi yamatabwa ya pa bolodi inali itathyoka mwendo, ndiye aphunzitsi athu, a Chirwa, anatitulutsa panja atanyamula msomali, chingwe cha khonje ndi thabwa lowongoka. Dzuwa linali likuswa mtengo, fumbi likuwotcha kumapazi. Anati Agiriki akale ankajambula ndi zida ziwiri basi, kampasi ndi rula yopanda manambala. Kuyeza kunalibe.

Anakoka mzere pansi n'kundiuza kuti ndipeze pakati pake. Ine ndinangoyamba kuwerenga mapazi.

"Iwe Esinati, Agiriki akutuma zimenezo? Tenga chingwe!"

Anzanga anafa nazo kuseka. Ndinakhoma msomali kunsonga ya mzerewo n'kuzunguza chingwe ndi kamtengo. Mkombero unatuluka wopindika ngati dzungu.

"Kunga chingwecho," anatero. "Chikakungika, palibe mbali imene ingayandikire msomali kuposa inzake."

Ndinafufuta, ndinabwereza, kenaka ndinakhoma kunsonga inayo, chingwe chomwecho osasintha. Mikombero iwiri inadutsana pamwamba ndi pansi. Titagoneka thabwa podutsanapo, linadula mzere uja pakati penipeni. Ndinangoti kukamwa yasa.

Sukulu ndinalekeza chaka chotsatira. Ana a masiku ano ndimawaona m'matatu, maminibasi a kuno, ali ndi makampasi onyezimira a m'kachitini, fumbi sakulidziwa. Ine zanga zinatsala za chingwe.

Tsiku la utsilo ndinasuntha jiko, ndinapanikiza chingwe choyanikira zovala ndi chala pamalo pa jikopo, kunsonga ndinamangako khala. Ndinachitalikitsa kuposa mkono wa Mphatso, wamkuluyo. Ndinazunguza pasimenti, chingwe chili gwa. Pamzere wakudawo ndinandandalika zigubu zodzaza madzi, zogundana, poti wokwawa samva za mzere.

"Amayi, mwajambula chiyani?" anafunsa Mphatso.

"Malire. M'kati umu ndimalowamo ndekha, wamva?"

Ndiye ndinabweza jiko pakati penipeni, n'kukolezanso moto.