Banga limene a Kansalu sankapukuta

Ine ndimagulitsa zotsukira galimoto. Kasitolo kanga ndi kopapatiza, kali pakati pa wowotcherera zitsulo ndi wosoka mipando, moti tsiku lonse khutu lina limamva nyundo, lina makina osokera. Muli mashelefu atatu basi: sopo wa galimoto, polishi, mankhwala owalitsa matayala, opukutira magalasi, masiponji, ndi tonunkhiritsa tija topachika pagalasi. Ndakhala pamenepo zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ndinene mosabisa, theka la mabotolo amenewo ndi chikomekome cha mkuyu. Pepala lapanja limalonjeza zakumwamba, m'katimo ndi madzi opaka mtundu. Koma ine sindipanga, ndimangogulitsa. Munthu akabwera ndi madandaulo ndimamuuza kuti, "Bambo, pabotolopo pali keyala, alembereni kalata eni ake." Onse amachoka ndi mawu amenewo, kupatula a Kansalu.

Dzinali tinawapatsa ndife a mumsewu uno, chifukwa cha kansalu kachikasu kamene kankalendewera m'thumba lakumbuyo la thalauza lawo, kaya akupita kuchipatala kaya kumaliro. Anali dalaivala wa mabwana pakampani ina zaka zoposa makumi atatu. Atapuma pa ntchito anagula galimoto yomwe ankayendetsayo, yakuda, yaitali, ya mipando ya nsalu yotuwa. Pamene ine ndinkawadziwa, galimotoyo sinkapitanso kulikonse. Ankailiza m'mawa, kuitulutsa m'garaja mpaka pageti, kuitsuka, n'kuibwezamo. Kwanga ankabwera wapansi, Lolemba lililonse, nthawi ya teni koloko ndendende, botolo lili m'manja ngati mwana wodwala.

"Mayi, mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka bwino, kaya inu. Lalakwanso chiyani?"

"Awa a matayalawa. Mukangopaka, ee, tayala kuwala ngati nsapato ya mkwati. Mukatembenuka kukatenga ndowa, fumbi lonse la mumsewu lasonkhana pomwepo kuchita msonkhano."

Sabata yotsatira inali polishi. Akuti inasiya zoyera m'mizere ya zitseko, anachita kuchotsa ndi mswachi masiku awiri. Kenako a magalasi: poyang'ana pamthunzi mbee, dzuwa likangowomba galasi lonse mizeremizere. A padashibodi akuti ankamata, ntchentche inatera sinadzukenso. Kanunkhiritsa ka fungo la ndimu anabwera nako tsiku lomwelo, akuti galimoto ikununkha ngati chimbudzi cha kuhotela.

Chodabwitsa n'chakuti sankafuna kuti ndiwasinthire. Ankangondionetsa botololo, kukhala pakampando kanga ka pakhomo, kufotokoza mlandu wonse kuyambira pachiyambi, kenako n'kugula lina. Botolo loipalo ankabwerera nalo kwawo. Ine ndili ndi pakamwa, sindikana. Tsiku lina zinandikwana.

"Inu bambo, nanga si mungosiya kugula? Madzi ndi sopo zinalakwa chiyani? Mumandichotsera makasitomala ndi maliro anuwa!"

Anandiyang'ana, n'kupinda kansalu kawo kanayi pabondo.

"Nanga Lolemba ndizitani, mayi?"

Ndinayamba kusuntha masiponji amene anali kale pamalo pake. Inenso kwathu ndimatsegula chitseko ndekha n'kudzitsekera ndekha, chakudya chamasana ndimadyera kuseri kwa kauntala ndikuyang'ana khoma. Kuyambira tsiku limenelo, Lolemba ndinkawiritsa madzi a makapu awiri.

Kwawo ndinapitako koyamba chifukwa cha makani. Ndinawatsutsa kuti polishi ya m'chitini chofiira singasiye zoyera, iwo amvekere, "Tiyeni mukadzionere, maso sanama." Loweruka masana nditatseka ndinapita. Nyumba yaikulu bwino, koma zii, makatani otseka, pakhonde mpando umodzi. M'garaja ndiye munali moyo. Kukhoma kunali thabwa lalitali, ndipo pathabwapo mabotolo anga onse ali ndondondo, mwina makumi asanu. Lililonse analimata kapepala n'kulembapo ndi bolopeni mlandu wake. "Limaitana fumbi." "Limasiya mizere." "Limayabwa m'manja." Lina anangolemba kuti "Bodza." Ndinaseka mpaka misozi, koma pansi pamtima ndinachita manyazi.

Galimotoyo ndiye eti! Ndinaona nkhope yanga pachitseko mpaka ndinakonza duku. Anatsegula kuti ndione m'kati. Simukanapezamo ngakhale kamchenga kamodzi. Koma pampando wa pambali pa dalaivala, potsamira mutu paja, panali banga lakuda, lalikulu ngati chikhatho, lopendekera chakuzenera.

"Aa, a Kansalu, nanga ichi? Munthu waukhondo ngati inu?"

Ndinatulutsa mpango wanga kuti ndiyese kupukuta. Anandigwira dzanja mwamphamvu, mkono mpaka kuwawa. Kenako anandisiya msangamsanga n'kupepesa.

"Pamenepo ayi, mayi. Pamenepo ndi pa akazi anga."

Anandiuza ataimirira pomwepo, dzanja lili padenga la galimoto. Zaka zonse zimene ankayendetsa mabwana, akazi awo sanakwerepo galimotoyo ngakhale kamodzi, lamulo la kampani silinkalola. Ankangoiona ikudutsa. Ataigula, tsiku loyamba anawatsegulira chitseko monga ankachitira ndi mabwana, mayiwo n'kukhala kutsogolo atanyamula chikwama pamiyendo. Asanafike n'pamphambano pomwe, anali atagona. Ndiye anali choncho nthawi zonse: injini ikangolira, iwo tulo, mutu chakuzenera, kukamwa yasa. Mafuta awo a m'tsitsi ankatsalira pansalupo.

"Ndinkakalipa, mayi. Ndinkati mukundiwonongera mpando, yalani kansalu. Iwo ankati, galimoto ndi yanu, mutu ndi wanga, gwirizanani." Anaseka pang'ono. "Zaka zisanu ndi chimodzi tinayenda choncho."

Atamwalira mayiwo, mwana wawo wamkazi, amene amakhala kutali, anabwera kudzakonza m'nyumba. Anachita mwachikondi, kuti bambo ake asamangolira. Zovala anapereka kwa anthu, matiresi anasintha, chipinda anapentetsa. Atachoka, a Kansalu anazungulira nyumba yonse osapeza paliponse pamene pankanunkhira mkazi wawo. Anakapapeza m'galimoto. M'mawa uliwonse akailiza, ankaweramira pamenepo kaye, kenako n'kuyamba kutsuka kwina konse.

Mvula ya chaka chimene ndinaona bangalo inali ya mwano. Inagwa masabata atatu osaona dzuwa. Lata limodzi la garaja linayamba kudontha, ndipo a Kansalu, amene ankasiya zenera la mbali imeneyo lotsegula pang'ono kuti mphepo izilowa, anazindikira mochedwa. Mpando uja unanyowa, n'kuchita chuku. Chinayambira pokhala, chobiriwira, n'kumakwera ndi msana wa mpando.

Lolemba limenelo sanakhale pakampando.

"Mayi, ndikufuna mankhwala opha chuku, koma osachotsa mafuta."

"Bambo, mankhwala alibe maso. Adziwa bwanji kuti uyu ndi mdani, uyu ndi m'bale?"

"Yesani kufufuza, chonde."

Ndinawapatsa ofatsa, a m'botolo loyera. Chuku chinazimirira masiku awiri, lachitatu chinabwerera ndi abale ake. Ndinawapatsa ena a ufa. Anayeretsa nsalu ngati yawaulidwa ndi dzuwa, chuku chili chikwerere. Wosoka mipando wa pafupi nane anati, "Bwerani nawo mpandowo ndisokere nsalu yatsopano, mawa lomwe watha." A Kansalu anamuyang'ana ngati wawatukwana. Anayamba kubwera tsiku ndi tsiku, atanyowa, kundionetsa ndi zala mpata umene watsala pakati pa chuku ndi banga. Zala zinayi. Zitatu. Anaonda, ndevu osameta, munthu amene kale kolala yake inkachita kuuma ndi simbi.

Tsiku la zala ziwiri linandipeza mutu uli wowawa. Madzi anali atalowa m'sitolo, makatoni anyowa, wowotcherera akugogoda ngati walumbira. Wobweretsa katundu anali atangondisiyira zitini zatsopano za thovu lotsukira mipando, akuti izi ndiye zenizeni. Onse amatero. Sindinawerenge n'pepala lomwe. Ndinangotenga chimodzi n'kuwaponyera pakauntala.

"Tengani ichi. Mupopere m'munsi mokha, kumtundako musafikeko. Chikakanika ichi ndiye basi, musandivutitsenso, inenso ndili ndi zanga!"

Mawu amenewo ndimawamvabe mpaka lero. Mumtima ndinkati ndi madzi opaka mtundu ngati enawo, Lolemba abwera nacho, tidzamwa tiyi.

Lolemba sanabwere. Anabwera Lachitatu, atameta, atavala jekete, m'manja mulibe kanthu. Anaima pakhomo osalowa.

"Mayi, aja ndiye mankhwala. Muziwauza anthu, asamataye nthawi ndi enawa."

"Chuku chatha?"

"Chatheratu."

"Nanga... pamwamba paja?"

Anayang'ana kumsewu. Akuti anapopera m'munsi monga ndinanenera, mosamala, ataphimba kumtunda ndi chikhatho. Koma thovulo linafufuma, n'kufufumabe, kukwera lokha mpaka potsamira mutu. Akanalisiya mwina pakanatsala kanthu. Koma munthu wapukuta galimoto zaka makumi atatu, ukaona thovu pampando suganiza.

"Dzanja linapita lokha, mayi. Kawiri basi, uku ndi uku. Pamene ndimati ndikuchita chiyani, n'kuti pali mbee."

Sindinapepese. Ndinati khalani pansi, madzi awira kale. Anati ayi zikomo, ali ndi zochita kunyumba. Zochita zanji, kunyumba kopanda ngakhale mphaka? Ndinawayang'ana akupita, ndipo m'thumba lakumbuyo munalibe kansalu.

Malolemba atatu anadutsa. Chitini chija chinayamba kuyenda malonda, aliyense wogula ankabwera kudzayamikira, ine kumva ngati akundithira tsabola m'maso. Loweruka lina ndinatseka msanga, ndinatenga botolo limodzi pashelefu, ulendo kwawo.

Ndinawapeza m'garaja, atakhala pampando wa dalaivala, zitseko zonse zotseka, injini yosaliza. Galimoto inali ndi fumbi loti mwana akhoza kulembapo dzina. Atandiona anatsitsa galasi. Pamiyendo pawo panali kabotolo ka mafuta a m'tsitsi, katsopano, ndipo potsamira mutu paja panali kabanga kozungulira bwinobwino, konyowa.

"Ndinakagula omwewo," anatero. "Ndinayenda masitolo anayi. Ndapaka ndi chala, ndapaka ndi nsalu, ndayesa kudzola ine n'kutsamirapo." Anapukusa mutu. "Mafuta ndi omwewo, mayi. Koma mutu si womwewo."

Ndinalira, ine mayi wamkulu, nditagwira chitseko cha galimoto ya eni. Ndinati ndine ndinalakwa, sindinawerenge pepala, ndinakukalipirani. Iwo anati ayi, madzi akatayika saoleka, ndipo wogulitsa salakwa katundu akakhala wabwino. Mawu amenewo anandipweteka kuposa akanandilalatira.

Potuluka ndinayang'ana pathabwa paja. Chitini cha thovu chinali kumapeto kwa mzere, patali pang'ono ndi anzake. Nachonso anachimata kapepala. Analembapo kuti, "Limagwira ntchito."

Ndinatulutsa botolo ndinabwera nalo lija n'kuliika paboneti. Anasuzumira pazenera.

"Awo si a matayala aja? Amaitana fumbi awo."

"Awa ndi atsopano, akuti anawakonza."

"Bodza."

"Mwina. Muyese, mudzandiuze Lolemba."

Anakweza galasi pang'onopang'ono.

Papita miyezi inayi tsopano. Lolemba lililonse teni koloko isanakwane ndimatulutsa kampando kaja pakhomo, n'kuwiritsa madzi a makapu awiri. Wowotcherera akafuna kukhalapo ndimamuthamangitsa, amati mayi inu mwayamba misala. Zitini za thovu zija ndinazichotsa pamaso, zili m'katoni pansi pa kauntala, wozifuna amachita kufunsa. Dzulo mtsikana wina wovala bwino anabwera, akuti wagula galimoto kwa munthu, pampando pali banga la eni ake akale, akufuna mankhwala amene amachotsadi.

Ndinamufunsa kuti, "Mwawafunsa eni akewo?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga, n'kutuluka osagula kanthu.