Matumba Awiri a Malasha

Alamu anga, amuna a achemwali anga, adachoka ku mgodi wa ku Moatize ndi matumba awiri a malasha. Anzawo ankabwera ndi njinga, ena wailesi, iwo miyala yakuda. Adaiika kuseri kwa chitseko kwathu ku Ntengo-Wambalame, ndipo tsache langa likangoyandikira, ankatsokomola.

"Mulamu, m'menemu muli gazolina," ankandiuza. "Azungu a ku Joni amaphika miyalayi n'kutcheza mafuta a galimoto. Nkhondo ikadzatha, Tete yense adzasamba mafuta."

"Tchezani tione," ndinkayankha. Ndinkawaona ngati munthu wozungulira mutu, ndisaname.

Komatu manja adali nawo. Gazolina atasowa, adatenga kamiyau, galimoto ya katundu, yomwe wasitolo wina adaisiya pothawa, n'kumangirira mgolo kumbuyo kwake. Mumgolomo ankasonkha makala, mpweya wake n'kudutsa m'mapaipi kukayendetsa injini. Makala a ulendo adawasunga m'nkhokwe, matumba atatu, okwanira kukafika kumalire a Malawi tsiku likadzaipa. Adatiletsa tonse kuwakhudza.

Ine ndinkawakhudza. Amayi adali atafa miyendo, ndipo chisanu cha kwathu sichiona nkhope. M'mawa uliwonse ndinkatapa pang'ono kuwasonkhera mbaula, pansi pa thumba n'kufutsamo zitsononkho kuti lisaoneke kuphwa.

Tsiku lidaipadi. Tidaona utsi kumudzi wa tsidya dzuwa litangotuluka, kenaka anthu akuthamanga osacheuka. Tidawakweza amayi m'kamiyau pamphasa, achemwali ndi ana pambali pawo. Alamu adaponyamonso malasha awo aja, ine n'kuwatukwana kuti akudya malo.

Tili pakati pa ulendo, pachitunda chopanda mtengo, moto udayamba kuzirala. Alamu adamasula thumba lachitatu, napisamo dzanja. Adatulutsa zitsononkho. Adaziyang'ana, adandiyang'ana ine, kenaka amayi. Adangomasula thumba la malasha.

"Adzayaka?" adafunsa achemwali.

"Sindinayesepo," adatero alamu. Zaka zonsezo akutilalikira, osayesapo.

Adayaka. Kamiyau idakwera chitunda ndi mphamvu imene sindidaionepo, alamu akumenya chiwongolero ndi chikhatho. Koma makala sachita utsi, pamene malasha adatulutsa chiutsi chachikasu chonunkha, chooneka ngakhale uli kuseri kwa phiri. Tinkadziwa tonse kuti m'tchiremo muli maso. Posapita nthawi injini idatsamwa, idatsamwanso, n'kuzima. Alamu atamasula paipi, mudatuluka phula lakuda lonanda ngati uchi.

Kumunsi kudalira mfuti kawiri.

Amayi adati, "Ndisiyeni pompano ana inu, tengani adzukuluwa muzipita."

Ndidakalipa kuti atseke pakamwa, mayi anga ondibereka. Mantha alibe ulemu.

Alamu adakwera m'kamiyau, nakhuthulira malasha onse pamsewu, osawacheukira n'komwe. Adaboola matumba awiri aja kumatako, adazula mitengo iwiri ya m'mbali mwa galimoto n'kuipisamo. Machila adapezeka. Iwo kutsogolo, ine ndi achemwali kumbuyo, ana atagwira zitenje zathu, tidatsikira kukhwawa. Titayenda ndithu, tidaona utsi wina wakuda bii ukukwera pachitunda paja. Amfuti aja adali ataitentha kamiyau.

Tidaoloka malire dzuwa litapendeka, mapewa atasupuka. Powasambitsa amayi madzulo ake, msana wawo wonse udali wakuda ndi fumbi la malasha. Adakhala nafe zaka zina zinayi.

Lero sitima zimanyamula malasha a ku Moatize kupita kunja, ife gazolina timagulabe wa m'mabotolo m'mbali mwa msewu. Mafuta aja sitidasambe. Alamu adamwalira nkhondo itangotha, anthu akuwasekabe kuti ndi amene adapha kamiyau ndi miyala yawo. Ankangoseka nawo. Za zitsononkho sadauze munthu, ngakhale mkazi wawo, ndipo ine, ndi pakamwa pangapa, ndidawasiya asekedwe mpaka kumanda.