Madzi Ataima pa Bwalo la ku Korea

Choyamba anali madzi. Anaima.

Pabwalo lija madzi amatuluka pansi, pakati pa miyala yoyalidwa, popanda mpopi wooneka. Amangotumphuka m'mizere, kukwera, kugwa, ana akuthamanga pakati pake atanyowa. Masiku asanu ndinali nditazolowera phokoso lake kuseri kwa phokoso la makina anga osokera, monga kwathu ku Livingstone umazolowera kulira kwa mathithi mpaka osakumvanso. Ndiye tsiku limenelo masana madzi onse anagwa pamodzi osadzukanso. Ndinachotsa phazi pa pedulo. Kumsewu magalimoto anayamba kuima m'mbali. Kenako mafoni a anthu onse analira nthawi imodzi, kalilidwe kamodzi, m'matumba, m'zikwama, m'manja. Ine mwana wanga wamkazi anali m'manja mwa munthu amene sindinkamudziwa ndi dzina lomwe.

Koma ndiyambe ndi mmene ndinakapezekera kumeneko, mungati ndikunama.

Sukulu ndinalekera giredi seveni. Nditakwatiwa ndinabereka mapasa, Daliso ndi Tisa, ndipo dzina langa linathera pomwepo. Ku Maramba, komboni kwathu, aliyense amangoti Bana Mpundu, kutanthauza mayi wa mapasa. Ntchito ndinali ndisanagwirepo chibadwire. Tsiku lina ndikusankha salaula, zovala za kaunjika, ku msika wa Maramba, mayi wina wamagalasi anagwira chitenje chimene ndinaberekera Tisa, n'kuchipinda m'mphepete, n'kuyang'anitsitsa msoko. Ndinali nditausoka ndekha ndi singano ya pamanja. Anafunsa wasoka ndani. Nditayankha, anati dzina lawo ndi ba Tembo, amayang'anira gulu la amayi osoka zikwama za chitenje zogulitsa kwa alendo, m'galaji ina ku Highlands.

"Ubwere pa Mande," anatero. "Ana ubwere nawo, sitiluma."

Kumeneko ndinaphunzira kuti chikwama sichiyambira pa makina. Chitenje umachichapa kaye kuti sitachi ichoke komanso chifupikiretu, apo ayi chidzakwinyika kwa amene wagula. Chikauma umasita. Kenako umaika patani ya katoni, kulemba ndi choko, kudula ndi sizasi yaikulu imene ba Tembo sankalola kuti idule pepala. Umasoka nsalu ili chagada, mkati muli kunja, kusiya kampata kotembenuzira. Pa zogwirira umasoka kabokosi n'kudutsa mtanda pakati, chifukwa ndi pamene chikwama chimafera. Bobini, kozingapo ulusi wa pansi, ukaizinga mothamanga ulusi umapota mfundo kunsi. Zipi ndiye inkaliza amayi akuluakulu, koma ine inandikonda. Ndinkaigwiriza kaye ndi ulusi wa pamanja, ndipo inkatuluka yowongoka.

Zipiyo ndi imene inandikweza ndege. Anthu a ku Korea amene ankathandiza gulu lathu anaitana amayi awiri kuti akaonetse ntchito pa msika wa zamanja wa masiku khumi, mumzinda wawo waukulu. Mmodzi ankafunika kuti azisoka anthu akuona. Ba Tembo anasankha ine. Ndinati ana akadali kuyamwa, ali ndi miyezi khumi chabe. Iwo anati mmodzi adzamufukata okha m'ndege. Bambo a ana anavomera, koma akundiperekeza anaseka n'kunena kuti anamva pa wailesi kuti ma Korea alipo awiri, ndipo amagona atalozetsana mizinga. Anati ikalira ndidzathawire ku Maramba wapansi. Ine sindinaseke. Mawuwo ndinawasunga.

Za ulendo ndimakumbukira chinthu chimodzi, masitepe oyenda okha. Amatuluka pansi, kutsetsereka, n'kukamezedwa ndi chitsulo cha mano kumapeto. Ndinaima patsogolo pake mwana ali kumsana, miyendo inakana. M'maganizo ndinaona chitenje changa chikukodwa m'mano aja, ine ndikukokedwa ndi mwana yemwe. Kuchokera pamenepo kulikonse ankandifunira lifiti, ndipo ba Tembo ankandinena kuti ndabwera ndi mudzi wonse m'miyendo.

Bwalolo mpaka lero ndikalifotokoza ndimaona ngati ndinalilota. Ndi lalitali, mwina kuchokera pa msika wathu kukafika ku njanji, lonse loyalidwa miyala yosalala, popanda fumbi, popanda pepala la switi. M'mbali muli nyumba zagalasi zimene umathyola khosi kuti uone pothera, ndipo pamakoma ake pali ma TV aakulu ngati khoma la tchalitchi, nkhope za anthu zikumwetulira popanda mawu. Pakati pali chifaniziro cha munthu wamkulu atakhala pampando, dzanja atatambasula. Kumapeto kwenikweni kuli phiri, lobiriwira, ngati analijambula pa nsalu n'kulipachika. Kunkatentha kutentha konyowa, kosiyana ndi kwathu, mpweya ngati wa m'bafa. Anthu ankayenda ndi timafani tating'ono m'manja, tikuwapepera kumaso. Munthu ankasiya foni ndi chikwama pabenchi, kupita kukajambula mwana wake m'madzi, kubwera n'kuzipeza. Ine ndinkangoyang'ana chikwama cha eni akecho mpaka atabwera, mtima uli m'mwamba.

Tenti yathu inali yoyera, pafupi ndi madzi aja. Anandipatsa makina amagetsi. Kwathu ndinazolowera opalasa, ndiye tsiku loyamba nditaponda pedulo anathawa ndi nsalu, msoko unakhota ngati njira ya woledzera. Ndinavula nsapato kuti ndizimva ndi chala chachikulu, ndipo tinayamba kumvana. Wotimasulira anali ba Han, mayi wa komweko amene anakhalapo ku Zambia, ankadziwa Chingerezi ndi Chinyanja cha moni. Iwo anabweretsa kangolo kokankhira ana kokhala awiri, ndipo mapasa ankakhala mmenemo pambali pa tebulo langa.

Anthu ankabwerera zikwama, koma ambiri ankabwerera mapasa. Makamaka mayi wina wachikulire, wamfupi, watsitsi lopotana, wovala chipewa chotchinga nkhope yonse. Ankabwera tsiku lililonse, kugwada pa kangolo, kuwomba m'manja, kuwayankhula chiyankhulo chawo, Tisa n'kumaseka. Ndinamuzolowera. Kwathu mwana amanyamulidwa ndi aliyense, m'basi umamupatsira amene wakhala pafupi. Tsiku lachisanu anabwera ndi kachikwama kake kakale, zipi itafa, n'kundionetsa ndi manja. Ba Tembo ndi ba Han anali atapita tsidya lina la bwalo kukatenga chakudya. Tisa anayamba kulira ndi kutentha, mayiyo anatambasula manja, ine ndinagwedeza mutu kuti mutengeni. Ndinasomola zipi yakale ndi kalumo, kuika yatsopano, kutsitsa singano.

Ndi pamene madzi anaima.

Mafoni atatha kulira kunabwera kulira kwina kochokera kumwamba, ngati kwa ambulansi koma kosadutsa, kongokwera osatsika. Kunalowa m'mano. Nkhope zomwetulira pa ma TV aja zinachoka, panabwera zilembo zawo zazikulu. Panatulukira anthu ovala majekete ofanana, akuimba mawezulo, akuloza mbali imodzi ndi timitengo. Ndinakumbukira mawu a bambo a ana. Ndinati basi, nkhondo yayamba.

Mayi uja anandiuza kanthu, mawu atatu kapena anayi, n'kuloza ndi chibwano. Kenako anatembenuka n'kuyamba kuyenda, Tisa ali paphewa.

Ndinamuitana kuti amayi, amayi. Sanacheuke. Ndinalimbana ndi lamba wa kangolo, kachitsulo kakukana, Daliso akukuwa. Nditamutulutsa ndinamuponya kumsana, kumanga chitenje mfundo imodzi, n'kuthamanga wopanda nsapato pamiyala yotentha. Chimene chinandiopsa kwambiri n'chakuti palibe amene ankathamanga. Kwathu njovu zikalowa m'komboni anthu amakuwa, amaitanizana mayina, umadziwa kothawira. Apa anthu mazanamazana ankangoyenda phee, mbali imodzi, timafani tikuzungulirabe m'manja, ngati akuyenda m'tulo. Ine ndekha ndi amene ndinkakuwa. Ndipo zipewa zotchinga nkhope zinali paliponse. Ndinagwira mayi wina paphewa, sanali iye. Wina, sanali iye. Kenako patali ndinaona kamutu kakuda kali ndi timikanda tofiira m'tsitsi, kakutsika pang'onopang'ono, kakumira pansi pa bwalo.

Anali masitepe aja. Ankapita pansi, kumene kumadutsa sitima zawo.

Ndinaima pakamwa pake. Anthu ankandilambalala mbali zonse. Bambo wajekete ankandikodola kuti tsika, tsika. Ndinayang'ana mano aja akutuluka, akutuluka, ndipo timikanda tofiira tinali titasowa kale. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji. Ndinakwinya chitenje mpaka m'maondo, kuchiluma ndi mano kumapeto kwake kuti chisalendewere, ndinatseka maso n'kuponda. Chitsulo chinali chozizira kuphazi. Chinanditenga. Ndinkamva ngati ndikumira m'madzi osanyowa, Daliso akundikoka tsitsi, ine ndikutchula dzina la Tisa m'kamwa modzaza nsalu. Kumapeto wina anandigwira chigongono n'kundidumphitsa.

Pansipo panali mzinda wina, wowala, wozizira, wokhala ndi mashopu. Anthu anali ataima m'magulu akuyang'ana mafoni, ena akuseka. Ndinayenda pakati pawo ndikusuzumira nkhope iliyonse. Ndinawapeza pabenchi pafupi ndi chipilala. Mayi uja anali atavula chipewa, atamukhazika Tisa pamiyendo, zikhatho zake zonse ziwiri zili pamakutu a mwanayo, akumuimbira motsitsa. Tisa ankatafuna lamba wa chipewacho.

Ndinamutsomphola. Sindinapemphe, sindinathokoze. Ndinamutsomphola mpaka kunsi kwa mkono wa Tisa kunatsala chizindikiro cha zala zanga. Mayiyo anaimirira, anawerama kawiri katatu, nkhope itagwa, n'kusuntha chammbuyo.

Ba Han ndi ba Tembo anatipeza ndili pansi, nditatsamira chipilala, ana onse awiri ali kubere. Ba Han anagwada n'kunena kuti si nkhondo, n'kuyeserera chabe, amachita nthawi ndi nthawi kuti anthu adziwe kobisala, ndipo pakapita mphindi zochepa aliyense abwerera kuntchito. Anati analengeza m'mawa pamsonkhano wa ogulitsa. Ine nthawi imeneyo ndinali kuseri kwa tenti kuyamwitsa, ndipo ba Tembo anaiwala kundiuza. Za madziwo anati mwina inangokwana nthawi yake yopuma. Mayi uja, anatero ba Han, anandiuza kuti tiyeni pansi, phokosoli lipweteka makutu a ana, ndipo ankaganiza kuti ndili pambuyo pake.

"Bana Mpundu, manje wakwera masitepe," anatero ba Tembo, akufuna kundiseketsa. "Tizakamba ku Maramba."

"Ba Tembo, munadziwa," ndinatero. "Munadziwa, simunaniuze."

Ba Tembo anamasula chitenje chawo cha m'chiuno n'kundipatsa. Ndinabereka Daliso kumsana ndi changa, Tisa kutsogolo ndi chawo, mfundo ziwiri ziwiri. Tinakwera pa lifiti. Pamwamba madzi anali atayambanso kutumphuka, ana a eni ake akuthamangamo ngati palibe chachitika. Kachikwama ka mayi uja kanali pomwepo pansi pa singano, ndi nsapato zanga pansi pa tebulo.

Ndinachita manyazi, sindikana. Mayi uja sanalakwe. Anachita zimene mayi aliyense wa kumeneko akanachita. Koma chimene ndinaphunzira n'chakuti kwa eni ake kuli zinthu zimene aliyense amazidziwa moti sazinena, ndipo wobwera amazimva zitachitika kale. Kuyambira tsiku lotsatira, m'mawa uliwonse ndisanalowetse ulusi pa singano, ndinkawagwira ba Han padzanja n'kufunsa kuti lero kuchitika chiyani chimene nonse mukuchidziwa ine ayi. Ankaseka, koma ankayankha. Mpaka pano ndimafunsa choncho ndikafika malo achilendo, kaya ndi ku chipatala.

Mayi uja anabweranso mawa lake, anaima patali. Ndinamukodola, kumupatsa kachikwama kake zipi ili yatsopano, ndipo ndinagwada monga timachitira kwathu. Anatulutsa timasokosi tiwiri tiwiri. Ndinamulola kuwaveka, ana ali pathupi panga. Atatambasula manja kuti anyamule Tisa, ndinamwetulira n'kukana ndi mutu.

Masiku otsalawo ana sindinawakhazikenso pansi. Kusoka utakhala pampando, mwana ali pamimba, sikutheka, amagunda tebulo. Ndinapempha bokosi lolimba, tinakweza makina, ndinkasoka chiimire, phazi limodzi pa pedulo, Daliso kumsana, Tisa pachifuwa, ndikusuzumira singano pamwamba pa mutu wake. Thukuta linkatsika mpaka m'miyendo, msana unkayaka moto. Misoko ina inakhota. Ba Tembo ananyamula chikwama chimodzi, kuchiyang'ana pa dzuwa, n'kunena kuti zipi zanga zayamba kuledzera, ndiwapatseko mwana mmodzi.

Ndinawauza kuti zipi ndikasomola ku Highlands. Ndinalimbitsa mfundo ya pachifuwa n'kupondanso pedulo.